TX, VX kapena TZ-G: Prado yokafika nayo kumudzi kuchokera ku Harare

Mmalawi wokhala kuno ku Harare akayamba kupezako bwino, maganizo amathamangira pa galimoto yoti azipita nayo kumudzi pa Khirisimasi, pa chinkhoswe, kapena pakagwa zovuta usiku pomwe basi ya ku Roadport yapita kale. Dzina lomwe limatuluka pakamwa pa ambiri ndi Toyota Land Cruiser Prado. Koma mukafika pamalo ogulitsira magalimoto m'mbali mwa msewu wa Seke kapena wa Enterprise, mupeza ma Prado atatu ooneka ngati a bere limodzi, mitengo yake itasiyana ndi madola masauzande angapo. Mukafunsa chifukwa, wogulitsa angokulozerani zilembo zili pa chitseko chakumbuyo: iyi ndi TX, iyo ndi TX-L, inayo ndi VX kapena TZ-G.

Abale anga, ndalama yogulira Prado ndi thukuta la zaka zambiri, ndiye ndinene maganizo anga poyambirira pomwe. Kwa munthu amene ulendo wake waukulu ndi wa Nyamapanda, Tete, Mwanza mpaka msewu wafumbi wa kwawo, zilembo zapamwamba sindizo zofunika kulipirira. Lipirirani injini yoyenera, thanki yokwanira, matayala opezeka paliponse ndi miyendo yomwe makaniko wa pa boma angaikonze. Zina zonsezo zibwere pambuyo.

Ndikunena makamaka za Prado yomwe amaitcha 150, imene inayamba kupangidwa mu 2009, chifukwa ndiyo yadzaza pamsika. Mayina a magulu ake amatengera dziko lomwe galimotoyo inagulitsidwa ili yatsopano. Ya ku Japan, yomwe kuno amati ex-Jap, imayambira pa TX, kenako TX L Package imene ambiri amangoti TX-L, pamwamba pali TZ ndi TZ-G. Ya ku South Africa imayenda TX, VX, VX-L. Mukaona GXL kapena Kakadu ndiye kuti inachokera ku Australia. Choncho TX ya ku Japan ndi TX ya ku South Africa ndi dzina limodzi koma si galimoto imodzi, ndipo funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti inalowa kuchokera kuti.

Chomwe ogulitsa sakonda kutchula nchakuti mafupa a magalimoto onsewa ndi amodzi. Kuyambira TX mpaka TZ-G, chesisi ndi yofanana, matayala onse anayi amakoka nthawi zonse, pali giya yamphamvu ya L4 yokwerera zitunda ndi kutulukira m'matope, ndiponso batani lokhoma difu yapakati. Pomwe TZ-G yadutsa, TX yovala matayala abwino idutsanso. TX-L ndiye TX yomweyo basi, angoiwonjezera mipando yachikopa yosunthidwa ndi magetsi ndi tina tokometsera m'kati. Ngati mtengo wake sunatalikirane ndi wa TX, tengani, chikopa sichivuta kupukuta ana akatayirapo thobwa. Koma musapereke ndalama zambiri poganiza kuti L ameneyo akuwonjezerani mphamvu.

Nkhani yaikulu ili m'boneti, ndipo apa ndichedwapo.

Ma TX ambiri a ku Japan ali ndi injini ya petulo ya malita 2.7 yotchedwa 2TR-FE. Ndi injini yofatsa, yosavuta, yokhalitsa, ndipo imapezekanso mu Hilux ndi Hiace, kotero zipangizo zake muzipeza ku Kaguvi Street, ku Gazaland ku Highfield, ngakhalenso ku Limbe ndi ku Lilongwe. Vuto lake ndi mphamvu. Prado imalemera kupitirira matani awiri isananyamule kanthu, injiniyi ilibe turbo, ndipo Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, pomwe injini yopanda turbo imapuma movutikira. Ikani anthu asanu ndi awiri, matumba a shuga, mafuta ophikira, mabulangete, njinga pamwamba, mukafika pa zitunda zochokera ku Moatize kukwera ku Zobue mudzaimva ikulira, mafuta akutsika mukuona. Za chaka cha 2015 chisanafike zili ndi magiya anayi okha a otomatiki, zapambuyo pake zili ndi asanu ndi limodzi ndipo zimayendako bwino. Kwa wokhala m'tauni amene amapita kumudzi kamodzi kapena kawiri pachaka, ine ndimati 2.7 ndi yokwana, bola asakhale wothamanga mtima.

Ya petulo ina ndi V6 ya malita 4.0, 1GR-FE. Mphamvu ilipo yochuluka, koma imamwa. Ku Japan anasiya kuiika mu Prado mu 2015, chaka chomwe anabweretsa dizilo ya malita 2.8, 1GD-FTV. Popeza boma la Zimbabwe linaletsa kulowetsa magalimoto akale opitirira zaka 10 chipangidwireni, Prado yomwe mungaitanitse lero kuchokera ku Japan idzakhala ya 2.7 petulo kapena 2.8 dizilo. V6 mudzaipeza kwa anthu omwe ali nayo kale kuno, kapena pa za ku South Africa.

Dizilo ya 2.8 ndiyo yokoka katundu. Inayamba ndi mphamvu yokokera ya 450 Nm, mu 2020 anaikweza kufika 500, pomwe ya petulo ya 2.7 ili ndi 246 yokha. Kusiyana kumeneku mumakumva m'thupi mukamadutsa thiraki pa msewu wa Mutoko. Komabe ya ku Japan imabwera ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF komanso kathanki ka AdBlue, madzi othandiza kuyeretsa utsi. Sefayo imadziyeretsa yokha galimoto ikathamanga mtunda wautali injini itatentha. Ngati moyo wanu ndi wongokwawa pa mzere wa magalimoto kuchokera ku Mufakose kapena ku Mabvuku kulowa m'tauni, sefa imatsekeka, nyali imayaka, galimoto imafooka. Imafunanso dizilo woyera ndi oyilo woyenera, osati wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu. Dizilo yakale ya malita 3.0, 1KD-FTV, yomwe ili m'ma Prado ambiri a ku South Africa a 2020 isanafike, amakaniko athu amaidziwa bwino, koma ili ndi lamba wa timing wofunika kusintha pa makilomita 150,000, ndipo ma injector ake, tizipangizo topopera dizilo mu injini, akatopa osawasamala amawononga injini. Pogula yotere funsani kuti lambayo anasintha liti, ndipo akuonetseni pepala.

Tsopano zungulirani kumbuyo muone pomwe pali tayala lapadera. Prado ya ku Japan imalibisa pansi ndipo thanki yake ndi ya malita 87. Ya ku South Africa imalipachika pa chitseko, malo apansiwo nkuikapo thanki yachiwiri, zonse pamodzi malita 150. Kwa ife ichi nchinthu chachikulu kuposa mipando yotenthetsa. Kuchokera ku Harare kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600, ndipo tonse tikudziwa mmene mafuta akhala akuvutira kwathu m'zaka zapitazi, anthu kugona pa mizere. Wa malita 150 a dizilo amathira kuno, kukafika, kuzungulira kwa abale, mafuta akadalipo. Wa malita 87 a petulo atanyamula katundu amayenera kuthiranso ku Tete ngati sakufuna kufika ali ndi nkhawa. TX ya ku South Africa, pa chifukwa chimenechi chokha, ine ndimaiika patsogolo pa TZ-G ya ku Japan.

Nanga ndalama zowonjezera za TZ-G ndi VX-L zimagula chiyani? Zimagula kukoma kwenikweni, sindikana. Mipando yakumbuyo kwenikweni imadzipinda yokha ndi batani, pali makamera, ndipo galimoto imayenda mofewa ngakhale pa maenje a m'misewu yathu ya kuno. Zambiri mwa izo zili ndi KDSS, makina oyendera mafuta amene amaumitsa galimoto pokhota pa tala nkuimasula miyendo ikalowa m'mabampu. Zina zili ndi Crawl Control, yomwe imayendetsa yokha galimoto pang'onopang'ono pa miyala inu mutangogwira chiwongolero. TZ-G kumbuyo ilibe masipuling'i achitsulo, ili ndi matumba a mpweya opopedwa ndi kompuresa, ndi mashoko olamulidwa ndi kompyuta.

Zonsezi zimagwira bwino galimoto ikadali yatsopano. Koma ife sitigula zatsopano. Thumba la mpweya likakalamba limang'ambika, mumadzuka m'mawa galimoto itakhala pansi kumbuyo, kompuresa imagwira ntchito osapuma mpaka kupsa. Mapaipi a KDSS akadontha galimoto imapendekera mbali imodzi, ndipo kuikonza kumafuna zida zomwe si galaja iliyonse ili nazo. Zikakuchitikirani kuno mupeza wokuthandizani, ngakhale pa mtengo wowawa. Zikakuchitikirani ku Neno kapena ku Phalombe mvula ili pakati, galimoto ikhala pansi pa mtengo wa mango kudikira chipangizo chochokera ku Johannesburg. Nchifukwa chake eni ake ambiri amachotsa matumbawo nkuika masipuling'i wamba, kutanthauza kuti analipira mtengo wa TZ-G kuti pamapeto pake ayende pa miyendo ya TX. Ngati mtima wanu uli pa TZ-G ndithu, iyikeni pamalo osalala, muyeze kutalika kwa mbali zonse, muisiye usiku wonse, mudzayezenso m'mawa musanapereke ndalama.

Matayala nawo amatsata gulu. TX imavala 265/65 R17, saizi yomwe ma Hilux ndi ma Fortuner ambiri amavalanso, ndiye simuisowa kulikonse mungapite. VX imavala a 18, ndipo TZ-G ya 2017 kupita mtsogolo imavala a 19, okhala ndi mphira wochepa m'mbali, osachedwa kudulidwa ndi dzenje, okwera mtengo, ndiponso osowa mukangotuluka m'mizinda ikuluikulu.

Chinthu chimodzi cha magulu apamwamba chomwe ndingalipirire mosanyinyirika ndi loko ya difu yakumbuyo. Imapangitsa matayala awiri akumbuyo kuzungulira limodzi, ndipo pa dambo la matope ndiyo imasiyanitsa wotuluka yekha ndi wokaitana anyamata a m'mudzi. Si Prado iliyonse ili nayo, ngakhale ya zilembo zapamwamba. Fufuzani batani lake pafupi ndi la difu yapakati, ndipo muliyese. Imitsani galimoto, ikani giya pa N, tembenuzirani ku L4, dinani mabataniwo muone ngati nyali zake zikusiya kuphethira. Magalimoto ambiri a ku Japan sanalowepo mu L4 chibadwireni, ndipo timamota take timauma chifukwa chosagwiritsidwa ntchito.

Chenjeraninso, zilembo za pa chitseko zimagulidwa pa sitolo nkumatidwa. Palinso omwe amatenga Prado ya 2010 nkuiveka nyali, bampala ndi boneti za 2018. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chosanama ndi nambala ya chesisi. TRJ150 ndi petulo ya 2.7, GRJ ndi V6, KDJ150 ndi dizilo ya 3.0, GDJ150 ndi dizilo ya 2.8, ndipo TZ-G ya dizilo ya ku Japan imalembedwa GDJ151. Nambala ya pa kachikwangwani ka fakitale, ya pa chesisi penipeni ndi ya m'buku la galimoto zikhale zofanana. Kansalu ka pa lamba wa mpando kamasonyezanso chaka. Musatengeke ndi sikirini yaikulu ya ex-Jap: imalemba Chijapani, mapu ake ndi a ku Japan, ndipo wailesi yake siigwira mawayilesi ambiri a kuno ndi a kwathu popanda kuikamo kachipangizo kena.

Pa mapepala ndingodutsa mwachangu, koma musawapeputse. Musanalipire, galimoto ikaonedwe ndi apolisi a Vehicle Theft Squad ku Southerton, muonenso umboni wakuti msonkho wa ZIMRA unaperekedwa ndiponso kuti ilibe ngongole ku ZINARA. Kenako isinthidwe ku CVR, ofesi yolembetsa magalimoto, ikhale m'dzina lanu. Ambiri mwa ife timalembetsa m'dzina la mlamu kapena la abwana pothawa kuyendayenda m'maofesi, koma pa Nyamapanda adzakufunsani kalata ya mwini wake, ndipo tsiku lomwe mudzaganize zobwerera kumudzi kotheratu zidzakupwetekani. MRA ili ndi dongosolo lopeputsira msonkho Amalawi obwerera kwawo, koma limayang'ana nthawi yomwe mwakhala kunja ndi nthawi yomwe galimoto yakhala m'dzina lanu. Afunseni malamulo ake musanagule, chifukwa kunja kwa dongosolo limenelo msonkho umakwera ndi kukula kwa injini komanso zaka za galimoto, ndipo V6 yakale ikhoza kukudyerani ndalama ya nyumba. Pa ulendo wongocheza mufunika chilolezo cha apolisi chotulutsira galimoto, TIP (chilolezo cholowetsa galimoto m'dziko kwa kanthawi) ya ku Mozambique ndi ya ku Malawi, komanso inshuwalansi. Inshuwalansi ya Yellow Card ya bungwe la COMESA imagwira ku Malawi, koma Mozambique sali m'bungwelo, ndiye yawo mugula pa chipata cha Cuchamano, mukangodutsa Nyamapanda.

Tsiku lokaona galimoto tengani makaniko wanu, osati wobwera ndi wogulitsa, ndipo mupite m'mawa injini isanalizidwe. Mumuuze aimvetsere ikulira koyamba ili yozizira, alowe pansi ayang'ane dzimbiri pa chesisi, makamaka ngati ndi ya ku Japan komwe madera ozizira amathira mankhwala a mchere m'misewu, kenako muiyendetse pa msewu wa miyala anthu anayi atakwera.