Makumba akamayasama pamwamba pa madzi m'bandakucha

M'mwezi wa Okotobala makumba a m'dziwe langa kuno ku Mulanje anayamba kuyandama mbandakucha akuyasama, ena n'kufa, koma dzuwa likakwera ankabwerera pansi ngati palibe vuto. Kuwonjezera madeya sikunathandize, ngakhalenso kuthira mchere.

Vuto linali mpweya wa okosijeni. Ndere zobiriwira zimapanga mpweyawu masana, koma usiku zimaugwiritsa ntchito limodzi ndi nsomba, ndipo madzi ofunda amasunga mpweya wochepa kusiyana ndi ozizira, choncho pofika m'mawa umakhala utatsala pang'ono kutha.

Poyamba ndinaleka kuthira manyowa a nkhuku, omwe amachulukitsa ndere m'dziwe, kenako ndinachepetsa madeya, chifukwa otsala amaola pansi n'kumatha mpweya. Chomwe chinathandiza kwambiri ndi kuyeza ndi mkono: ndikaumiza m'madzi, chikhatho chinkasowa usanafike pachigongono, kusonyeza kuti ndere zachulukitsa. Ndinatulutsa madzi ena n'kulowetsa atsopano a mumtsinje, akugwa kuchokera pamwamba kuti azisakanikirana ndi mpweya, mpaka chikhatho chinayamba kuonekera pofika pachigongono, pafupifupi masentimita 30. Ndinangogula paipi imodzi ndi kasefa kotchinga nsomba zam'tchire.