Momwe mungasandutsire kabuku ka pa InDesign, CorelDRAW kapena Publisher kukhala PDF yopepuka

Kabuku ka masamba 16 kokhala ndi zithunzi zambiri kangathe kulemera mpaka Gmail n'kukakana, poti malire ake ndi 25 MB. Pa WhatsApp kamadutsa ndithu, koma anthu akaona kukula kwake amangokadumpha poopa kutha bandulo. Fayilo ya .indd, .cdr kapena .pub ndiye musatumize n'komwe, chifukwa amene alibe pulogalamuyo sangaitsegule. Pa ntchito imodzi muzitulutsa ma PDF awiri: ina yolemera yopita kosindikiza, ina yopepuka yowerengera pafoni. Pano tikunena za yopepukayi.

Yambani ndi kuyang'ana fayilo musanaitulutse. Mu InDesign tsegulani Links. Chithunzi chimene chili ndi chizindikiro chofiira ndiye kuti chasowa, mwina chinatsala pa flash ya munthu wina. Mukatulutsa chonchobe, PDF imatenga kachithunzi kongoonetsera kamene kali mkati mwa fayilo, ndipo nkhope za anthu zimatuluka zosaoneka bwino. Onaninso ka + kofiira pakona ya bokosi la mawu: kakutanthauza kuti mawu ena abisika, ndipo mu PDF sadzaonekamo.

Kenako masamba. Kabuku kopinda, monga pulogalamu ya ukwati kapena kalata ya mpingo, ambiri amakayala molingana ndi mapindidwe a pepala: pa kabuku ka masamba 8, tsamba 8 limakhala pambali pa tsamba 1, tsamba 2 pambali pa 7. Papepala zimenezi n'zolondola, koma pafoni wowerenga amayamba ndi pemphero lotsekera. Masamba ayende 1, 2, 3, lililonse palokha. Mu InDesign, potulutsa PDF, sankhani Pages osati Spreads. Amene anayala pamanja mu CorelDRAW alibe chidule: akopere fayiloyo, asinthe kukula kwa tsamba kukhala A5, n'kusamutsa zonse tsamba ndi tsamba.

Tsopano kutulutsa kwenikweni. Mu InDesign dinani Ctrl+E, sankhani Adobe PDF, kenako Smallest File Size. Mu CorelDRAW pitani pa File, Publish to PDF, n'kusankha Web. Mu Publisher ndi File, Export, Create PDF/XPS Document, ndipo pa Options sankhani Minimum size. Scribus, yomwe ndi yaulere, ili ndi Save as PDF pansi pa Export.

Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa chimene chimalemeretsa PDF si mawu ayi, ndi zithunzi. Chithunzi chodzaza tsamba la A4 pa 300 ppi (kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse) chimakhala ndi timadontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, pafupifupi 8.7 miliyoni. Mukachitsitsa kufika pa 150 ppi mumatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo pafoni diso silisiyanitsa. Smallest File Size imatsitsa zithunzi zamitundu kufika pa 100 ppi. Pa zithunzi wamba palibe vuto, koma ngati muli mapu kapena chikalata chojambulidwa chokhala ndi timalemba ting'onoting'ono, 100 imaphwanya. Mu InDesign, potulutsa PDF, pitani pa Compression, lembani 150 pa zithunzi zamitundu ndi zotuwa zomwe, JPEG ikhale pa Medium. Mitundu isinthidwe kukhala sRGB (mitundu ya pa sikirini), ndipo zimitsani bleed (malo owonjezera m'mphepete mwa tsamba) ndi timizere todulira pepala: zimenezo n'za osindikiza.

Za zilembo, pali chizolowezi chosandutsa mawu onse kukhala ma curves (zojambula) kuti font isasinthe. Pa chikwangwani cha tsamba limodzi n'zomveka. Pa kabuku ka mawu ambiri n'kudzipweteka: chilembo chilichonse chimasanduka chojambula, fayilo imanenepa, ndipo palibe angafufuze dzina kapena kukopera ndime. Zimitsani Export all text as curves mu CorelDRAW, m'malo mwake ma font alowe mkati mwa PDF. Kwa olemba Chichewa, samalani ndi ŵ. Ma font ena okongoletsa alibe chilembo chimenechi, ndiye pa dzina loti Malaŵi pamatuluka kabokosi, kapena ŵ ya mtundu wina yongoima payokha ngati mlendo. Mukatsegula PDF mu Adobe Acrobat Reader dinani Ctrl+D, pitani pa Fonts, muone ngati iliyonse yalembedwa Embedded kapena Embedded Subset, kusonyeza kuti yalowa mkati mwa PDF.

Ngati fayilo yoyambirira inasowa ndipo mwangotsala ndi PDF yolemera, pulogalamu ya Ghostscript imathandiza, ndipo ndi yaulere. Lamulo lake, lolemba mu Terminal kapena Command Prompt, ndi ili (yolemera.pdf ndi dzina la fayilo yanu, yopepuka.pdf ndi yatsopano): gs -sDEVICE=pdfwrite -dPDFSETTINGS=/ebook -dNOPAUSE -dBATCH -sOutputFile=yopepuka.pdf yolemera.pdf. Pa Windows m'malo mwa gs lembani gswin64c. Mawu oti /ebook amatsitsa zithunzi kufika pa 150, pamene /screen amafika pa 72, zomwe nthawi zambiri zimakhala zopyola muyezo. Mawebusayiti ochepetsa PDF aliponso, koma kumbukirani kuti mukukweza chikalata chanu pa kompyuta ya eni ake. Malipoti a zachuma kapena mndandanda wa maina a anthu asapite kumeneko. Ndipo musapanikize fayilo imodzi kawiri katatu, chifukwa JPEG imataya kena kake ulendo uliwonse ndipo zotayikazo sizibwerera.

Musanaimwaze m'magulupu, dzitumizireni pa foni yanu ngati Document, muwerenge masamba ngati akwana, mukuze pa malemba ang'onoang'ono kwambiri ndi pa nkhope imodzi. Ogwiritsa ntchito Publisher ali ndi ntchito ina yowonjezera: Microsoft inalengeza Okutobala 2026 ngati mapeto a pulogalamuyi, choncho mafayilo akale a .pub atulutsidwe kukhala PDF kawiri, yopepuka ndi ya High quality printing yosunga.