Kumvera wailesi pa dishi komwe FM sifika bwino

Kwa inu a ku Angónia ndi Tsangano amene mwafunsa zogwira wailesi pa satelayiti poti mapiri amatchinga FM, konzani dishi, LNB (kachipangizo kakutsogolo kwa dishi kolandira mafunde a satelayiti) ya mtundu wa Ku-band, waya wa coaxial (wolumikiza LNB ndi dikoda), dikoda, TV, sipanala ndi magetsi, ngakhale a sola.

1. Sankhani malo opanda mtengo kapena denga kutsogolo. Satelayiti ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator, n'chifukwa chake kuno ku Tete dishi siyang'ana kummwera. Satelayiti ya Eutelsat ya pa 36°E ili chakumpoto, Intelsat 20 ya pa 68.5°E ili chakum'mawa.
2. Zikani chitsulo choikapo dishi mowongoka.
3. Lumikizani waya dikoda ili yozimitsa, chifukwa imatumiza magetsi ku LNB kudzera m'waya womwewo.
4. Yatsani, sankhani pa menu satelayiti yomwe mukufuna kulozako dishi.
5. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Akaona pa TV "strength" (mphamvu ya mafunde) yakwera amathamangira kumanga mabawuti, pomwe iyo imakwera ngakhale dishi yaloza kolakwika. Yang'anani "quality" (ubwino wa mafunde). Sunthani dishi pang'onopang'ono, muziima kaye, wina akuwerengereni pa TV. Kenaka potozani LNB pang'ono. Musafulumire, mukamanga "quality" ili yochepa mvula ya Januwale izidzadula mawu pafupipafupi.
6. Chitani scan (kusaka matchanelo), dinani batani la TV/Radio pa rimoti.