Nkhondo ya ku Ulaya ndi Mmalawi wa kunja: zoyenera kusamala

Chiyambire pa 24 February 2022, pamene asilikali a Russia analowa m'dziko la Ukraine, maboma a ku Ulaya akhala akuvomereza poyera kuti magulu awo ankhondo anachepa mphamvu m'zaka za mtendere. Britain ili ndi asilikali a pamtunda ongopitirira pang'ono 70,000, ndipo pa msonkhano wa NATO, mgwirizano wa chitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi ku North America, umene unachitikira ku The Hague m'dziko la Netherlands mu June 2025 mayiko anagwirizana kuti pofika 2035 aziika 5 peresenti ya chuma chawo pa chitetezo. Nkhondo yamakonoyi imadya anthu ndi zida mofulumira kuposa mmene mbali zonse zingabwezeretsere, ndipo pamene anthu akusowa, maso amatembenukira kwa mlendo amene akusaka ntchito, mapepala ake atatsala pang'ono kutha.

Msampha woyamba umabwera pa foni. Uthenga wa pa WhatsApp, Telegram kapena TikTok umalonjeza ntchito ya ulonda, ya m'hotela, yoyendetsa galimoto kapena maphunziro aulere ku Russia, tikiti ya ndege ndi malo ogona zili zolipiridwa kale. Mu 2024 atolankhani a Associated Press anapeza kuti atsikana a ku Africa a zaka 18 mpaka 22, amene anatengedwa kudzera m'ndondomeko ya ntchito ndi maphunziro ya ku Russia yotchedwa Alabuga Start, ankalumikiza ma drone (ndege zopanda woyendetsa) ankhondo a mtundu wa Shahed m'fakitale ya ku Tatarstan m'dziko la Russia, malo amene Ukraine yawaphulitsapo kale chifukwa ndi malo a zida. Anyamata nawo amasayinitsidwa kontirakiti yolembedwa m'Chirasha, kenako amapatsidwa mfuti ataphunzitsidwa masabata ochepa okha. Mu November 2025 boma la South Africa linalengeza kuti amuna 17 a dzikolo anapempha kupulumutsidwa ku Donbas, dera la nkhondo la kum'mawa kwa Ukraine. Aneba athu a ku Zambia analira kale maliro a Lemekhani Nyirenda, wophunzira wa zaka 23 amene anatengedwa m'ndende ya ku Russia ndi gulu la asilikali aganyu la Wagner n'kufera ku Ukraine mu September 2022.

Choncho musasayine pepala limene simukutha kuliwerenga nokha, ndipo womasulira asakhale munthu yemweyo amene wakupezerani ntchito. Pasipoti isachoke m'manja mwanu ngakhale wina atanena kuti akukaisunga muofesi. Funsani dzina la kampani, mzinda ndi mtundu wa viza, chifukwa wokutengani pa viza ya mlendo woona malo pamene akuti mukagwira ntchito ali ndi chimene akubisa. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mauthenga oterewa timawatumiza tokha m'magulu a mpingo ndi a kumudzi, tili ndi mtima wothandiza mphwathu amene wakhala pakhomo chimalizire sukulu. Amene muli ku Johannesburg kapena Cape Town mudziwenso kuti lamulo la South Africa la 1998 limaletsa nzika ndi okhala kosatha kukathandiza gulu lankhondo la kunja popanda chilolezo cha boma.

Usilikali wa Britain ndi nkhani ina, chifukwa Malawi ali mu Commonwealth ndipo Amalawi akhala akulembedwa mwalamulo. Komabe malo ake amatsegulidwa ndi kutsekedwa malinga ndi kusowa kwa anthu, kufunsira kumachitika pa tsamba la asilikaliwo ndipo n'kwaulere, moti aliyense wofuna ndalama kuti akulowetseni ndi wakuba. Makolo amene ana anu anatenga unzika wa dziko limene mukukhala, makamaka popeza Malawi tsopano amalola unzika wapawiri, muziwerenga makalata a boma obwera m'dzina la mwanayo. Ku Germany, kuyambira 2026, mnyamata aliyense amene ndi nzika akakwanitsa zaka 18 ayenera kuyankha mafunso okhudza usilikali, ngakhale kulowa kwenikweniko kudakali kwa ofuna.

Za m'nyumba n'zosavuta. Mu March 2025 European Union inalangiza anthu kusunga zofunika za maola 72, popeza nkhondo ya lero imatha kuzimitsa magetsi, intaneti ndi makina a banki popanda bomba kugwa. Ife amene tinakula ndi kuzimazima kwa magetsi tikudziwa kale za tochi, makandulo ndi chidebe cha madzi, koma onjezani wailesi ya mabatire, mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, ndi ndalama za pepala zokwana sitima kapena basi. Ku Britain chilolezo chokhalira tsopano ndi eVisa ya pa intaneti, choncho sindikizani kalata imene Home Office, unduna woona zolowa ndi kutuluka m'dzikolo, inakutumizirani, muiike m'thumba la pulasitiki limodzi ndi pasipoti ndi makalata a kubadwa a ana. Ophunzira a ku Africa amene anathawa Ukraine mu 2022 anaima nthawi yaitali m'chisanu pa malire a Poland, ena akukankhidwira kumbuyo pokwera sitima, ndipo foni ikatha moto pa mzere wotere chimene chimatsala ndi pepala. Lembani pa kapepala nambala ya ofesi ya kazembe wa Malawi ya ku London, Berlin kapena Brussels, ndi ya m'bale mmodzi kumudzi amene mwagwirizana naye kuti ndiye azidziwitsa enawo.