Galu wouwa usiku wonse: muphunzitseni kaye, kolala ibwere pambuyo

Galu wanga Tayiga atakwanitsa chaka chimodzi anayamba kuuwa ngati wapenga. Njinga ikadutsa kuseri kwa mpanda, kuuwa. Mphaka akakwera pakhoma, kuuwa. Tsiku lina m'mawa aneba anga atandipatsa moni anangofunsa kuti, "Koma galu wanu uja amagona nthawi yanji?" Manyazi anandigwira, ndipo tsiku lomwelo ndinakagula kolala yoletsa kuuwa. Apa ndiye ndinayambira kumchira.

Choyambirira n'kudziwa chimene chikumuuwitsa galuyo. Mukamachoka pakhomo siyani foni ikujambula mawu, mudzamvetsere mukabwerako. Ine ndinapeza kuti Tayiga ankauwa zinthu zodutsa panja basi, msewu ukakhala zii nayenso zii. Koma alipo galu amene amauwa chifukwa cha nkhawa yosiyidwa yekha: amalira, amakanda chitseko, mwinanso kudzikodzera. Wotereyu musamuveke kolala, mungomuwonjezera mantha. Ndipo galu wokalamba akayamba kuuwa mwachilendo, pitani naye kwa dokotala wa ziweto, mwina pena pakumupweteka kapena makutu ayamba kugontha.

Kukalipa sikuthandiza. Inu mukamakuwa kuti "Iwe, khala chete!" iye amaona ngati mwabwera kudzamuthandiza kuuwa. Chimene chinandithandiza ndi ichi. Mulekeni auwe kawiri kapena katatu, kenako nenani kamodzi kokha, ndi mawu otsika, kuti "Chete." Nthawi yomweyo ikani kachidutswa ka nyama pafupi ndi mphuno yake. Galu sangathe kununkhiza ndi kuuwa nthawi imodzi, ndiye amasiya. Werengani masekondi awiri ali chete, mupatseni kanyamako, muyamikireni. Mukachedwa kupereka, sadziwa kuti mphothoyo ndi yachiyani, ndipo mukapereka akadali kuuwa ndiye kuti mwamuphunzitsa kuti phokoso limalipira. Pakapita masiku talikitsani nthawi yodikira, masekondi 5, kenako 10, mpaka 30. Mphindi 5 kawiri kapena katatu patsiku n'zokwanira, kupitirira apo galu amatopa nazo.

Pakhomo ponse mugwirizane mawu amodzi. Kwa ife zinatenga sabata yathunthu tisanazindikire kuti ine ndikuti "chete," mayi a kunyumba akuti "basi," mwana akuti "siya." Galuyo ankangotiyang'ana. Ndinatsekanso mpata wa pampanda umene ankasuzumirapo, n'kuyamba kuyenda naye madzulo aliwonse kwa mphindi 40. Galu wotopa amagona.

Tsopano za kolala. Zilipo zamitundu inayi: yonjenjemera pakhosi, yopopera fungo la citronella (mafuta a chomera onunkhira ngati mandimu) kumphuno, yotulutsa kaphokoso kosongoka kwambiri, ndi yogwidwitsa shoko. Ya kaphokoso imadalira kuti makutu a galu amamva mawu osongoka mpaka cha m'ma 45,000 Hz (Hz ndi muyeso wa kusongoka kwa mawu) pomwe athu amalekezera pa 20,000 Hz, koma agalu ambiri amangoizolowera. Ya citronella ndi imene ndinagula poyamba ija. Masiku atatu oyambirira inagwira ntchito, kenako Tayiga anaitulukira: ankauwa motsatizana mpaka mankhwala atha, akatero ulendo wa kuuwa mpaka mbandakucha, bweya bonse kununkha ngati mandimu. Ya shoko sindiifuna n'komwe. Ku Wales anailetsa mu 2010, ku Germany ndi ku Denmark nakonso siloledwa, ndipo vuto lake lalikulu n'lakuti galu angagwirizanitse ululuwo ndi chimene amachiona panthawiyo. Akagwidwa shoko akuuwa mwana wodutsa, mawa ayamba kudana ndi ana.

Ine ndinakhazikika pa yonjenjemera. Pogula, funani imene imamva zonse ziwiri, mawu komanso kunjenjemera kwa pakhosi. Ya maikolofoni yokha imalanga galu wanu ngakhale wouwayo ali wa aneba, kapena chitseko chikangomenyetseka. Mwana wagalu wosakwana miyezi 6 musamuveke.

Masiku atatu kapena anayi oyamba muvekeni ili yozimitsa, kuti asadziwe kuti chomuvutitsa ndi kolalayo. Mukapanda kutero mudzakhala ndi galu waulemu akavala, wachipongwe mukangomuvula. Kabokosi kake kakhale pansi pa khosi, pakati penipeni, ndipo lamba amangike moti zala ziwiri zizilowa. Poyatsa yambirani pa mphamvu yotsikitsitsa, inu muli pomwepo ndi nyama m'thumba. Kolala ntchito yake ndi kumudzidzimutsa kuti asiye kwa kamphindi, ndipo m'kamphindi kameneko ndi momwe inu mumati "Chete," n'kumupatsa mphotho. Mukaisiya yokha osaphunzitsa, galu amangodziwa kuti pakhosi pakumunyerenyetsa, osadziwa chimene mukufuna.

Isapitirire maola 12 ili m'khosi patsiku, ndipo musamangirirepo chingwe choyendera. Poivula pendani khungu, chifukwa timitu timene timakhudza khosi tingachititse zilonda tikakhalitsa malo amodzi. Mukaona pafiira, ipumitseni mpaka papole.

Pochotsa musachite mwadzidzidzi. Ine nditaona kuti padutsa milungu iwiri kolala isananjenjemere, ndinayamba kumuveka yozimitsa, kenako usiku wokha, kenako osamuveka. Zonse pamodzi zinanditengera pafupifupi miyezi iwiri. Tayiga amauwabe munthu wachilendo akaima pageti usiku, ndipo zimenezo ndimazifuna. Amauwa katatu kapena kanayi, ndikatsegula windo n'kunena kuti "Chete," amabwerera pamalo pake.