Kompyuta yakana kuyaka kapena ikuzima yokha? Chitani izi musanalole kuti aifomate

Mlongo wanga amaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Angónia. Chaka chatha laputopu yake idayamba kuzima yokha. Akalemba kwa mphindi 20, sikirini bii. Adakwera chapa mpaka mumzinda wa Tete nakaipereka pa kashopu kena kokonza mafoni. Mnyamata wa pamenepo sadafunse zambiri. "Aphunzitsi, ili ndi vayirasi iyi, tiyenera kufomata." Adafomatadi, ndiko kuti adafufuta zonse za mkati. Mapauta, mapepala a malikisi a ana a kalasi yonse, adapita, pamodzi ndi zithunzi za malemu bambo athu. Atafika kunyumba, laputopu ija idazimanso pa mphindi 20 zomwe zija.

Nditaitsegula kunsi, ndidapeza fumbi litaundana pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira mpweya, lolimba ngati kachidutswa ka bulangeti. Ndidalichotsa ndi mswachi wakale, ndipo mpaka lero sidazimenso. Koma zithunzi za bambo sizidabwerere, ndipo nkhaniyi imandipwetekabe mumtima. Kuno kwathu makompyuta ambiri amadwala chifukwa cha kutentha, fumbi ndi magetsi. Kufomata sikuchiza ngakhale chimodzi mwa zimenezi.

Choyamba, pulumutsani mafayilo

Ngati kompyuta ikuyakabe, ngakhale kwa kanthawi kochepa, musayambe ndi kukonza. Lowetsani fulashi kapena hadidisiki yakunja, mukopere chikwatu cha Documentos, cha Imagens, ndi zonse zimene mumaponya pa sikirini yoyamba ija. Zolemba zofunika kwambiri, monga masatifiketi, CV kapena ntchito ya kuyunivesite, zitumizeninso ku imelo yanu kapena ku Google Drive, komwe akaunti iliyonse imakhala ndi malo a 15 GB aulere. Zolembalemba sizidya mamegabaiti ambiri. Mukatero, china chilichonse chichitike, mtima uli m'malo.

Ikakana kuyaka n'komwe

Yambirani kukhoma. Lowetsani chaja ya foni m'soketi yomweyo muone ngati muli moto, chifukwa mwina ndi mayunitsi a magetsi a Credelec atha kapena ekisitenshoni yapsa. Pali vuto lina limene ndimaliona kwambiri kwa ife a kumalire: laputopu zogulidwa ku Malawi, zodzera pa Calómuè kapena pa Zóbuè, zimabwera ndi pulagi ya mano atatu a makona, pomwe soketi zathu ndi za mano obulungira. Anthu amaikapo kaadaputa kotchipa kamene kamagwedera, ndiye batire imangolandira moto modukizaduka. Mukamva kuthetheka kapena pulagi ikamatentha, musamangire ndi selotepi kapena kupanikiza ndi buku. Gulani nthambo ya mano obulungira yolowa pa chaja yomweyo. Chaja yeniyeniyo siifuna kusintha, pakuti zambiri zimalandira moto kuyambira 100 mpaka 240 V, ndipo zalembedwa pamsana pake.

Moto ulipo koma sikuyakabe? Zulani chaja, chotsani batire ngati ndi yochotseka, chotsaninso mawusi, fulashi ndi chilichonse cholumikizidwa. Dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 30 osasiya. Bwezerani chaja yokha ndipo yatsani. Zimenezi zimatulutsa moto wotsalira mkati, ndipo makompyuta ambiri amene eni ake adawalira kale amadzuka pomwepa.

Ngati fani ikuzungulira, timagetsi tikuyaka koma sikirini ili yakuda, kapena kompyuta ya patebulo ikulira "pi, pi, pi", kawirikawiri ndi RAM, kakhadi kamene kompyuta imasungapo zimene ikugwira panthawiyo, yasuntha kapena yachita fumbi. Izi zimachitika kwambiri mukainyamula panjinga yamoto m'misewu ya mabampu. Zulani kumagetsi, gwirani chitsulo kaye kuti thupi lanu litaye moto, tsegulani, kankhirani kunja timano tiwiri togwira RAM m'mbali. Pukutani mbali yagolide ija ndi labala yofufutira pensulo, pang'onopang'ono, kenako ibwezereni mpaka imveke kuti "tha". Ili ndi kampata kamodzi, choncho imalowa mbali imodzi yokha, musaikakamize.

Ikamaiwala tsiku ndi nthawi mukaizimitsa, ndi kabatire kakang'ono konga ndalama yachitsulo, CR2032, katha. Tsiku likalakwika ngakhale masamba a pa intaneti amakana kutseguka.

Ikamatentha ndi kuzima yokha

Apa ndiye pagona nkhani. Mumzinda wa Tete, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ku Moatize kuli fumbi lakuda la malasha, ndipo kuno kumtunda, ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, ngakhale kumazizirirapo, fumbi la m'chilimwe limalowa paliponse. Purosesa, imene ili ngati ubongo wa kompyuta, ikayandikira madigiri 100 imayamba yadzichepetsa liwiro, ndipo zikapitirira imazimitsa kompyuta kuti isapse. Ndiye mukaona kuti imayamba bwinobwino koma pakapita kanthawi ikuchedwa, fani ikulira ngati chigayo, kenako yazima, musaganize za vayirasi. Ikani dzanja pamene mpweya umatulukira. Mukamva kutentha koma mphepo yochepa, njira yatsekeka.

Zimitsani, zulani chaja. Tembenuzani laputopu pa nsalu yoyera ndipo mumasule masikuluu a chivundikiro chakunsi. Ayaleni pa pepala monga momwe adaliri, chifukwa ena ndi aatali ena aafupi, ndipo lalitali likalowa pa malo a lalifupi limaboola zamkati. Jambulani ndi foni musanagwire kanthu. Ngati batire ili mkati, zulani kanthambo kake kaye. Tsopano gwirani fani ndi chala kapena kamtengo kuti isazungulire, mutsuke mapiko ake ndi mswachi wouma, ndipo muchotse chibulangeti cha fumbi chimene chimakhala pakamwa pa tizitsulo tija. Pouzira gwiritsani ntchito pampu ya njinga. Pakamwa ayi, malovu ndi adani a zamagetsi. Musaiwale kugwira fani pouzira, pakuti ikazungulira mopitirira muyeso imawonongeka.

Amene mukuopa kutsegula, palibe manyazi. Pitani kwa mmisiri mukamuuze mawu awa: "Ndikufuna muyeretse fani ndi kusintha pasta térmica, musafomate." Pasta ameneyu ndi phala lotuwa lokhala pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa. Pakapita zaka limauma ngati dothi ndipo silitulutsanso kutentha.

Ikayera, isamaleni. Bedi, pilo, mphasa yoyalapo chitenje, ngakhale miyendo yanu, zonsezi zimatseka timabowo takunsi. Iikeni pa tebulo kapena pa thabwa, ndipo muitukule kumbuyo ndi zitsekerero ziwiri za mabotolo kuti mpweya uzidutsa. Ine ndimatero tsiku lililonse ndipo kusiyana kwake kumamveka ndi khutu. Kompyuta ya patebulo isakhale pansi pomwe tsache limadutsa m'mawa uliwonse. Mukamaliza ntchito ifunditseni nsalu, koma ikhale itazima. Ntchito zolemera, monga kukonza mavidiyo a ukwati, muzigwira m'mamawa kapena usiku m'miyezi yotentha.

Chenjezo limodzi lalikulu: mukaona chivundikiro chikutukuka, kapena pogwira ndi chala paja pakukwera m'mwamba, batire yatupa. Siyani kuichaja tsiku lomwelo. Musaiboole, musaiponye pamoto wa zinyalala. Imaphulika.

Magetsi ndi mphenzi

Ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwe chino, ku Songo, tonse timadziwa kuti magetsi amathima ndi kubwerera modzidzimutsa, makamaka nthawi ya mvula. Akathima zulani kompyuta kukhoma, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo. Kompyuta ya patebulo imafunika UPS, bokosi la batire loipatsa moto kwa kanthawi magetsi akathima, chifukwa kuzima mwadzidzidzi kumawononga mafayilo ndi hadidisiki. Estabilizador imathandiza magetsi akamakwera ndi kutsika, koma mphenzi siitha kuitchinga. Kukayamba kugunda, zulani pulagi basi. A kumudzi amene mumadalira sola, chaja ikamalira "zzz" ndi kutentha kwambiri pa inveta, invetayo ikutulutsa moto wosasalala, ndipo idzakupherani chaja.

Ikamachedwa ngakhale ili yozizira

Dinikizani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi. Patseguka Gestor de Tarefas, kapena Task Manager ngati Windows yanu ndi ya Chingerezi. Pitani pa Arranque, mudzaona mndandanda wa mapulogalamu amene amadzuka okha mukangoyatsa. Zimitsani amene simuwafuna m'mawa uliwonse, koma za chitetezo ndi za mawu muzisiye. Kenako yang'anani pa Desempenho. Memória ikamakhala pafupi kudzaza nthawi zonse, RAM ndi yochepa, ndipo 4 GB masiku ano imavutika ngakhale ndi Chrome yokha. Disco ikamaima pa 100% nthawi yaitali, nthawi zambiri ndi hadidisiki yakale yozungulira ija.

Pa ndalama zonse zimene munthu angaike pa kompyuta yakale, ine ndimati gulani SSD, disiki yamakono yolowa m'malo mwa hadidisiki. Ilibe chozungulira mkati, siopa kugwedezeka kwa m'chapa, ndipo laputopu imene inkatenga mphindi zambiri kuyaka imadzuka musanakhale pansi bwino. Hadidisiki yakaleyo musaisiye ku shopu, muli zinsinsi zanu. Iikeni m'kabokosi ka USB izikusungirani mafayilo.

Antivayirasi awiri kapena atatu m'kompyuta imodzi amangolimbana okhaokha. Microsoft Defender imene imabwera ndi Windows ndi yokwanira kwa ambiri a ife. Dziwaninso kuti Microsoft idasiya chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 kamene makompyuta ambiri akale alibe. Yanu ikakhala yotero musaitaye. Mutha kuikamo Linux Mint m'malo mwa Windows: ndi yaulere, ili ndi Chipwitikizi, ndipo imabwera ndi LibreOffice yolembera.

Fulashi yochokera kopulinta

Mwapita kukapulinta, mwabwerako mafayilo onse asanduka timivi ta atalho (shortcut) kapena sakuoneka. Musadinepo, ndipo musafomate, mafayilo alipo, angobisidwa. Sikanani fulashiyo ndi Defender kaye. Onani chilembo chake pa Este PC, tinene kuti ndi E. Dinikizani batani la Windows ndi R, lembani cmd n'kudina Enter, kenako lembani izi ndendende n'kudina Enter:

attrib -h -r -s /s /d E:\*.*

Dikirani mpaka imalize. Zikwatu zanu zibwerera. Fufutani timivi tija ndi fayilo iliyonse yachilendo yothera ndi .vbs kapena .lnk, koperani zanu kwina, ndipo apa ndiye mutha kufomata fulashiyo. Ulendo wina tumizani chikalata chanu ngati PDF pa WhatsApp kapena pa imelo, fulashi itsale kunyumba.

Ngati mamegabaiti a Movitel, Vodacom kapena Tmcel akutha mukangolumikiza laputopu ku foni, ndi Windows ikudzikokera zatsopano. Lowani pa Definições, Rede e Internet, sankhani Wi-Fi ya foni yanu, muyatse Ligação com tráfego limitado. Zatsopanozo n'zofunika, choncho mudzazikoke mukapeza intaneti yokwanira. Kiyibodi ikamalemba zizindikiro zolakwika, dinikizani Windows ndi batani lalitali lija kuti musinthe chilankhulo. Pa kiyibodi ya Chipwitikizi cha ku Portugal, @ imatuluka ndi AltGr ndi 2.

Pofika kwa mmisiri

Fungo la kupsa, hadidisiki yolira "ke, ke, ke", sikirini yosweka, polowetsa chaja pogwedera, kapena tiyi wotayikira pa kiyibodi, izi si za kunyumba. Pa za tiyi kapena madzi, zimitsani nthawi yomweyo, itembenuzeni chafufumimba ili yotsegula, ndipo musayese kuiyatsa kuti muone ngati ikugwira. Hadidisiki ikayamba kulira, kuyatsa kulikonse kumadya mafayilo anu, choncho isiyeni mpaka ikafike m'manja mwa wodziwa.

Mukafika, fotokozani zimene mwaona ndi zimene mwayesa kale: imazima pakapita mphindi zingati, idayamba liti, kudagwa mvula ya mphenzi kapena ayi. Lembani nambala ya kunsi kwa laputopu, kukula kwa RAM ndi kwa disiki musanaisiye, ndipo mupemphe kuti chilichonse chimene achotse akubwezereni. Akanena zofomata, afunseni mwaulemu kuti, "Bambo, mwaona chiyani chimene chikufuna kufomata?" Ngati ndi zoonadi kuti Windows yawonongeka, awuzeni akopere kaye mafayilo anu inu muli pomwepo, muwatsegule angapo ndi maso anu pa kompyuta ina, kenako muwalole ayambe.