Momwe mungaphunzitsire ana a pulayimale kuyatsa babu ndi mabatire

Ana ayenera kumvetsa kuti babu imayaka pokhapokha magetsi akapeza njira yochoka ku batire, kudutsa m'babu, n'kubwereranso ku batire osadukiza. Zojambula pabolodi zibwere pambuyo, ayambe agwira zipangizo ndi manja.

Gulu la ana asanu lipatseni mabatire awiri aakulu a tochi, a mavoti 1.5 lililonse, mawaya awiri a masentimita 20, kababu koyera ka LED kochotsa m'tochi yakufa, selotepi ndi mphira. Mabatire ali mbwee pa Chitakale ndi pa Limbuli ku Mulanje, zidutswa za waya kapempheni kwa okonza mawailesi.

Kusenda waya ndi ntchito yanu aphunzitsi, lezala asagwire ana. Sendani masentimita 2 mbali zonse, mupote timawaya ta mkatimo. Ana agundanitse mabatire, mutu wa lina ku thako la linzake, awakulunge m'pepala, amate waya uku ndi uku, kenako amange mphira m'litali kuti zigwirane zolimba. Nsonga zotsalazo azikhudzitse ku miyendo iwiri ya babu.

Magulu ena babu siyaka, ndipo musathamangire kuwakonzera. LED imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha: mwendo wautali upite kumene kuli chizindikiro cha +. Ngati miyendo inadulidwa kale, angoitembenuza. Batire limodzi silingayatse LED yoyera chifukwa imafuna mavoti pafupifupi 3, pomwe yofiira imatha kupsa ndi mabatire awiri atsopano. Kuno kwathu, makamaka nyengo ya chiperoni, chinyezi chimachititsa dzimbiri kunsonga za mabatire. Palani ndi sandipepa mpaka ziwale.

Ikayaka, dulani waya mmodzi pakati, musende nsonga zake. Pampatapo ana ayikepo supuni, msomali, kobiri, rula ya pulasitiki, kansungwi kouma, n'kumalemba zomwe zayatsa babu. Yesaninso mtima wa pensulo yosongoledwa mbali zonse: umadutsitsa magetsi ngakhale si chitsulo. Swichi imagwira ntchito motero, kutseka ndi kutsegula mpatawo.

Yang'anirani waya wolumikiza mbali ziwiri za mabatire popanda babu pakati. Umatentha msanga ndipo mabatire amatheratu. Auzeninso ana mosabisa kuti izi n'za mabatire basi: magetsi a ESCOM a m'soketi ndi a mavoti 230, amapha.